Munthu Amene Anaba Olakwa a Mfumu

Dziko la Chibisale musavutike kulifuna pa mapu. Munthu amene ankajambula mapuwo atafika m'malire, apolisi anamulanda pensulo chifukwa analibe chiphaso choyendera nayo. Koma dzikolo liliko ndithu, ndipo m'masiku a Mfumu Nditamandeni Wachiwiri linali ndi msewu umodzi wokha wa tala. Unkachokera kumapiri, n'kutsika chitunda cha Samalira, n'kukhota pa khona la Mwadzidzidzi, n'kudutsa pa msika wa Tilipo, n'kukathera pachipata cha mfumu. Kupitirira apo kunkakhala anthu wamba okhaokha, choncho tala sanaone chifukwa chopitirira.

Pa msewu umenewu ndi pomwe Yotamu Chikhwaza anamerera imvi. Anali ndi lole yakeyake, yakale, yobiriwira m'malo momwe utoto unatsalira, ndipo ankanyamula kabichi ndi mbatatesi kuchokera kumapiri kupita nazo ku Tilipo. Anali munthu wa mawu ochepa, wosadziwa kukangana, woti ukamuponda phazi amayamba ndiye kupepesa.

Pa khona la Mwadzidzidzi panali mkuyu waukulu. Kuseri kwake ndi kumene apolisi a pamsewu ankabisala ndi makina awo oyezera liwiro la galimoto. Mkulu wawo anali Sajeni Gama, mlamu wake wa Yotamu, mchimwene wa mkazi wake Nagama. Nagamayo nayenso ankadyera pa mkuyu womwewo. Anaona kuti dalaivala akagwidwa amakhala nthawi yaitali akuchonderera, ndipo munthu wochonderera sachedwa kumva njala. Tsono ankakhala chapatali pang'ono ndi beseni la zitumbuwa ndi nthochi, ndipo madzulo ankabwerera kunyumba beseni lili mbee.

Madalaivala a m'Chibisale anali ndi mwambo wawo. Ukadutsa pa mkuyu n'kuona zipewa zoyera kuseri kwa tsinde, umaphethira magetsi kwa mnzako amene akubwera kutsogolo, phethi phethi. Iye amaponda buleki, n'kudutsa pa apolisi mwaulemu ngati wanyamula maliro. Panalibe sukulu yophunzitsa zimenezi. Zinali ngati moni, ndipo wosaphethira ankatengedwa kuti sanaleredwe bwino.

Yotamu anali ndi chifukwa china pamwamba pa ulemuwo. Chaka china minibasi inalephera kukhota pa Mwadzidzidzi, ndipo lole yake ndiyo inali yoyamba kufika. Anataya kabichi pansi n'kunyamula anthu. Ena anafika nawo kuchipatala akubuula, ena anali atasiya kubuula panjira. Chiyambire tsiku limenelo anazindikira kuti anthu akwawo imfa saiopa, amaopa yunifolomu, ndipo dzanja lake linkangopita lokha pa magetsi.

M'mawa wina akukwera chitunda, lole ilibe katundu, anadutsa pa mkuyu, nakweza dzanja kulonjera alamu ake amene ankayesa kuti abisala. Atakwera pang'ono anaona galimoto yakuda ikutsika ngati yaponyedwa ndi legeni. Anaphethira. Dalaivala wa galimoto yakudayo, pokhala kuti anakulira pa minibasi, anaponda buleki asanaganize. Kumbuyo kunakhala Olemekezeka a Sindikhuta, Nduna ya Misewu ndi Zokolola za Pamsewu, akuguguda mwendo wa nkhuku. Mphuno yawo inakamenya mpando wakutsogolo, fupa n'kugwera m'thumba la jekete.

Yotamu sanaone zimenezi. Anapitiriza ulendo wake akuimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi.

Mawa lake masana, akutsitsa kabichi pa msika wa Tilipo, wailesi ya telala inkaulutsa zokambirana za bwalo la nduna. Anthu anasonkhana kumvera, popeza pa msikawo panalibe zisudzo zina zaulere.

"A Sindikhuta," anamveka mawu a mfumu, "chaka chatha munandibweretsera olakwa odzaza bwalo. Chaka chino ndikuona ochepa. Kodi anthu anga akudwala?"

"Mfumu ya mafumu, mthunzi wa tonsefe, inu amene mukatsokomola mitambo imasonkhana," inayamba Nduna, mawu akutulukira m'kamwa mokha chifukwa mphuno inali itatupa, "maiko ena Mulungu anawapatsa golide, ena mafuta. Ife anatipatsa anthu othamanga. Wolakwa ndi mbewu yathu. Amamera pamwamba pa chitunda, amakula potsika, ndipo timamukolola pa mkuyu. Koma m'munda mwanu mwalowa anyani. Pali anthu amene akuchenjezana ndi magetsi, moti wolakwa akamafika pa mkuyu amakhala atasanduka munthu wosalakwa. Dzulo ine mwini ndinachenjezedwa, ngati kuti ndine munthu woti lamulo lingandikhudze."

M'bwalomo munamveka kung'ung'udza kwa chisoni. Kenako kunamveka mawu a nkhalamba ina, Nduna ya Zinthu Zoiwalika, imene inali itangodzuka kumene.

"Pepani, mwina ndinaphonya pena. Ine ndimayesa lamulo la liwiro tinaliika kuti anthu aziyenda pang'onopang'ono. Tsono ngati akuyenda pang'onopang'ono, si ndiye kuti lamulo lagwira ntchito?"

Wailesi inangoti zii. Kenako kunayamba kwaya. Kwaya itatha, muulutsi analengeza mokondwa kuti nkhalambayo yakwezedwa pa udindo, ikakhala kazembe pa chilumba china chopanda msewu.

"Mwamva anthuni?" anatero telala, osachotsa phazi pa makina. "Ndife mbewu."

"N'chifukwa chake satipatsa feteleza," anayankha mayi wogulitsa tomato. "Akudziwa kuti timamera tokha."

Yotamu anaseka nawo pang'ono chabe. Galimoto yakuda ija anaikumbukira.

Sajeni Gama anafika kunyumba kwa Yotamu Loweruka m'mawa. Anagogoda, anavula chipewa, anakhala pa mpando umene ankakhalapo nthawi zonse. Anafunsa za ana, za mvula yakumapiri, za bondo la Yotamu limene linkavuta nyengo yozizira. Nagama anabweretsa thobwa, iye n'kumwa mpaka kupendeketsa chikho. Atapukuta pakamwa anayang'ana pansi.

"Alamu, ndabwera ndi mawu olemera."

"Tulani, alamu."

"Ndatumidwa kudzakumangani."

Nagama anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Achimwene, mwamwa thobwa langa kuti mupeze mphamvu zomangira bambo a Tiyese?"

"Mlongo wanga, ndikapanda kuwamanga ine, kubwera ena osamwa thobwa."

"Ndalakwanji?" anafunsa Yotamu.

"Akuti kutchinga ntchito ya lamulo."

"Ndinatchinga pati? Lole sindinaimikepo pakati pa msewu."

"Munaphethira galimoto ya a Nduna." Sajeni anatembenuzatembenuza chipewa m'manja. "Ndipo kunena zoona, alamu, inenso mumandipweteka. Kulikulu amandifunsa olakwa sabata iliyonse. Ndikapita ndi ochepa amati ndikugona pa ntchito. Andiuza kale kuti zikapitirira akandiponya kumalire, ndizikalondera mbendera. Ine ndi ana anga aja tikadya mbendera?"

Galimoto ya apolisi inalibe mafuta, choncho Yotamu anadzinyamula yekha pa lole yake, alamu ake atakhala pambali. Atafika ku polisi, loleyo inamangidwanso ngati umboni.

Mlandu unazengedwa pamaso pa woweruza wamkulu, a Mawamubwere, munthu wofatsa amene chiyambire ntchito anali asanakhumudwitsepo aliyense pomaliza mlandu. M'khoti munadzaza madalaivala ndi amayi a pamsika. A Sindikhuta anakhala kutsogolo, bandeji yoyera ili pamphuno, ndipo popeza odandaula anali iwo, mboni iwo, katswiri wa zamisewu iwonso, anafunsa okha mafunso.

"Iwe, ukuvomera kuti unaphethira magetsi?"

"Ndikuvomera, bwana."

"Chifukwa chiyani?"

"Galimoto inkathamanga, bwana, ndipo kutsogolo kunali khona."

"Kunalinso apolisi."

"Analipo, bwana."

"Tsono unkachenjeza za khona kapena za apolisi?"

Yotamu anaganiza kaye, chifukwa sankafuna kunama atagwira Baibulo. "Zonse zimakhala malo amodzi, bwana."

Anthu anaseka. Woweruza anamenya tebulo pang'onopang'ono, kuopa kudzidzimutsa a Nduna.

"Wolemekezeka woweruza," anatero a Sindikhuta atatembenukira kwa anthu, "taganizirani. Munthu akutsika Samalira akuthamanga. Ameneyo ndi wolakwa wakupsa, wangotsala kuthyola. Ndi wa mfumu kale. Uyu akutulukira n'kumuuza kuti aleke kulakwa. Pa mkuyu pakufika munthu wosalakwa. Wapolisi achite naye chiyani munthu wosalakwa? Amudye? Tsono ndikufunsa, wolakwa uja wapita kuti? Sanafe, sanathawe. Wabedwa! Ndipo wakuba wake ndi uyu."

Yotamu anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. "Bwana, ndifunse nawo kuti ndimvetse. Abusa athu Lamulungu lililonse amatiuza kuti tileke kuba, Mulungu akutiona. Enafe timalekadi. Nawonso akutchinga ntchito ya apolisi?"

Woweruza anatola cholembera. "Dzina la abusawo?"

Yotamu anatsitsa dzanja msanga. "Ndaliiwala, bwana."

"Nkhaniyi ndi yozama," anatero a Mawamubwere. "Mubwere mawa."

Mawa lija linabala mawa lina, linalo n'kubalanso. Yotamu anamupatsa belo, koma lole inatsala ku polisi. Udzu unamera kuzungulira matayala, ndipo nkhuku za mkulu wa polisi zinayamba kuikira pa mpando wa dalaivala. M'mawa uliwonse Yotamu ankavala jekete yake ya kutchalitchi, kupita kukhoti, kuuzidwa kuti abwere mawa, n'kudzera ku polisi kukasuzumira lole pampanda. Alimi akumapiri anapeza wina wowanyamulira kabichi.

M'menemo bwalo la nduna silinagone. Linatulutsa lamulo loletsa kuphethira magetsi masana. Madalaivala anayamba kutulutsa dzanja pawindo n'kumaligwedezera pansi. Kunatuluka lamulo loti manja onse azikhala pa chiwongolero. Madalaivala anayamba kutukula nsidze pokumana. Kunatuluka lamulo loti dalaivala aziyendetsa nkhope ili chimodzimodzi kuchokera kumapiri mpaka ku Tilipo, ndipo munthu wina anamangidwa chifukwa choyetsemula mokayikitsa. Komabe magalimoto ankafika pa mkuyu akukwawa.

A Nduna analamula kuti apolisi azisinthasintha malo obisala, lero pa mlatho, mawa kuseri kwa chulu. Sizinathandize. Kumene apita apolisi, Nagama ankapita komweko ndi beseni lake, amayi anzake a chimanga chootcha ndi mtedza akumutsatira. Dalaivala akaona utsi wa mbaula pamalo opanda mudzi, ankadziwa kuti patsogolo pali zipewa zoyera. Akazitape anafufuza kwa nthawi yaitali asanazindikire kuti chinsinsi cha boma chinkaululidwa ndi zitumbuwa. Amayi onse anathamangitsidwa m'mbali mwa msewu. Pomaliza kunatuluka lamulo lalikulu kuposa onse, loti aliyense woyenda pang'onopang'ono pafupi ndi apolisi popanda chifukwa chomveka aziimbidwa mlandu womvera lamulo mwachinyengo.

"Tsono tiziyenda bwanji?" anafunsa dalaivala wina pa msika.

"Uzithamanga pang'onopang'ono," anatero telala.

Kunyumba kwa Yotamu kunalibe woseka. Lole kulibe, beseni lavundikiridwa pakona. Ana ankamwa tiyi wopanda shuga, ndipo Tiyese, mwana wawo wamkulu, anasiya kufunsa kuti ndiwo ndi chiyani lero. M'mawa wina Yotamu akupukuta nsapato kuti azipita kukhoti, Nagama anaphulika.

"Inu ndi magetsi anuwo! Anzanu amaphethira kwa maminibasi, inu mpaka kusankha galimoto ya Nduna. Mwapulumutsa anthu osawadziwa n'komwe, ife pano tikudya chiyani? Achimwene sakugona, ine malo andilanda. Munali ndani inu pa msewu wa mfumu?"

"Nagama, ukanaona zimene ndinanyamula tsiku lija la minibasi..."

"Malaya anu a magazi aja ndinachapa ndine."

Nagama analanda nsapato ija m'manja mwake n'kuyamba kuipukuta yekha, mwaukali, ngati nsapatoyo ndiyo inalakwa.

Chigamulo chinabwera tsiku limene palibe ankachiyembekezera, ngakhale woweruza amene. Chinachokera kunyumba ya mfumu, iye anangochiwerenga, akudabwa nacho limodzi ndi anthu. Khoti linapeza kuti Yotamu Chikhwaza anaba olakwa a mfumu osawerengeka, ndipo ayenera kubweza. Koma popeza mfumu ndi yachifundo, wolakwa mmodzi aimira onse, ndipo wolakwayo akhala Yotamu mwini. Pa tsiku loikika atsike chitunda cha Samalira pa lole yake, athamange kupyola malire a lamulo, agwidwe pa mkuyu pamaso pa mtundu wonse, alipire chindapusa, akhale mfulu. Akalephera kulakwa, lole ilandidwe, iye akagwire ndende.

"Bwana," anatero Yotamu, "zaka zonsezi sindinathamangepo pa khona limene lija."

"N'chifukwa chake uli pano," anayankha woweruza mwachifundo.

Tsikulo analitcha Tsiku Lobwezera Olakwa, ndipo masukulu ndi maofesi anatsekedwa. Pafupi ndi mkuyu anamanga tenti yaikulu. Kunabwera bandi ya apolisi, ojambula zithunzi, ndi ng'oma. Amayi onse a pa msika wa Tilipo, pamodzi ndi aja anathamangitsidwa m'mbali mwa msewu, anapatsidwa nsalu za nkhope ya mfumu n'kuuzidwa kuti wosavina benchi yake ipatsidwa wina. Mfumu sinabwere, inatumiza chithunzi chake, ndipo anachikhazika pa mpando waukulu munthu wina akuchikupiza. A Sindikhuta analamula kuti lole idzazidwe kabichi kuti izioneka bwino m'nyuzipepala.

Yotamu anakhala pamwamba pa chitunda, injini ikulira. M'kati mwa lole munkanunkha zitosi. Anadziuza kuti n'kamodzi kokha, msewu autseka, kutsogolo kulibe munthu, akangodutsa pa mkuyu zonse zatha, ana adya. Anapemphera pemphero lalifupi, akuchita manyazi kupempha Mulungu kuti amuthandize kulakwa. Wapolisi anaimba wenzulo.

Anaponda moto. Lole inadzuka monyinyirika, kenako chitunda chinaitenga. Anasintha giya, n'kusinthanso. Zitseko zinayamba kugwedezeka, galasi likunjenjemera, mitengo ya m'mbali ikuthawira kumbuyo mmene anali asanaionerepo. Mphepo inalowa pawindo n'kuulutsa nthenga za nkhuku m'kati monse. Pansi patali anaona tenti, mbendera, mkuyu.

Kenako anaona nsalu. Wojambula zithunzi, pofuna kuti amayi ovina aoneke limodzi ndi a Nduna ndi chithunzi cha mfumu, anali atawasunthira kutsogolo, pang'ono, pang'ononso, mpaka bwalo lawo la gule linasefukira pa tala. Ankavina atafulatira chitunda. Yotamu analiza hutala, koma malipenga a bandi ndi ng'oma zinaimeza. Analizanso. Palibe anacheuka. Pakati pa gululo anaona mpango wofiira umene anagulira Nagama chaka chimene Tiyese anabadwa.

Za ndende sanaziganize n'komwe. Anaponda buleki ndi mphamvu zonse, mpaka kudzuka pa mpando. Matayala analira, tswiii, utsi n'kutuluka. Lole inapotokola mchira uku ndi uku, iye akulimbana ndi chiwongolero, akubweza magiya, mano atalumana. Kabichi anauluka pamwamba pa denga n'kuyamba kugubuduzika kutsogolo, ndipo ndi kabichiyo amene anafika poyamba m'miyendo ya amayi. Anacheuka, anakuwa, anamwazika balalabalala, wina n'kusiya nsalu pa tala. Lole inafika pamene ankavina paja itatheratu mphamvu. Inaponda nsalu ija, inadutsa pa mkuyu ikuyenda ngati ng'ombe yokhuta, n'kukaima yokha patsogolo pa tenti.

Bandi inasiya kuimba. Kunamveka kabichi mmodzi yekha akugubuduzikabe kulowera kudzenje.

Yotamu anatsamira chiwongolero. Anaona Nagama ataima m'mbali mwa msewu, manja pamutu, wamoyo. Kenako anakumbukira chigamulo. Mtundu wonse unali utaona ndi maso kuti walephera kulakwa.

A Sindikhuta anadzuka. "Sajeni! Makina akuti chiyani?"

Sajeni Gama anatuluka kuseri kwa mkuyu, kumene anabisala monga mwa dongosolo la mwambowo. Anayang'ana makina ake nthawi yaitali. Anayang'ana mlongo wake. Anayang'ana nsalu ija pa tala, nkhope ya mfumu ili ndi chidindo cha tayala pachipumi. Kenako anaguba mpaka patsogolo pa chithunzi, n'kumenya sawasha.

"Bwana Nduna, makina aonetsa kuti munthuyu wathamanga liwiro loti chiikireni tala m'dziko muno sitinalionepo."

Panadutsa kamphindi anthu akuyang'anana. Kenako Nagama anaimba nthungululu, yaitali, yonjenjemera, misozi ikutsika. Amayi anzake anailandira.

"Wathamangadi!" anakuwa dalaivala wina.

"Ine sindinamuone n'komwe podutsa," anatero telala mokweza. "Ndangomva mphepo."

"Mpaka kabichi kulephera kupirira!" anawonjezera mayi wa tomato.

A Sindikhuta anayang'ana lole, anayang'ana khamu, anayang'ana ojambula amene anali atawalozetsa kale makamera. Maso awo anali ataona zina, koma mawu amene anakonzekera kulankhula anali a chipambano okha, ndipo nkhuku za phwando zinali zitaphedwa kale. Anakonza jekete, n'kulankhula kwa nthawi yaitali za kukhwima kwa lamulo m'Chibisale. Pomaliza anaitana Yotamu, namugwira chanza, osachisiya mpaka ojambula onse atakhutira.

"Lero wabwerera m'gulu la nzika zothandiza dziko," anamuuza. "Usadzabwerezenso zija."

"Ziti, bwana?"

Koma a Nduna anali atatembenukira kale kumene kunkachokera fungo la nkhuku.

Dzuwa litapendeka, tenti inagwetsedwa, chithunzi cha mfumu chinanyamulidwa pa galimoto yakeyake, anthu n'kumwazika. Nagama anali m'dzenje akutola kabichi amene sanaphwanyike, akuti mawa akagulitsa. Yotamu anapeza alamu ake atakhala pa muzu wa mkuyu, atavula nsapato imodzi. Anakhala pambali pawo.

"Alamu, zikomo."

"Mukuthokoza chiyani? Ndakugwirani."

"Eya. Zikomo pondigwira."

Pamwamba pawo mbalame zinkakanganirana nkhuyu.

"Koma alamu," anatero Yotamu motsitsa mawu, "makinawo anaonetsa chiyani kwenikweni? Ndikufuna ndingodziwa."

Sajeni anacheuka uku ndi uku, n'kumupatsa makinawo. Kagalasi kake kanali bii. Yotamu anadina apa, anadina apo, osayaka. Anatsegula kachitseko ka mabatire. M'katimo munali kachisa ka dothi, kouma, komangidwa ndi mavu.

"Anafa chaka cha mvula yambiri chija," anatero Sajeni. "Tinapempha mabatire, kulikulu anati tidikire bwalo la nduna likambirane."

"Nanga anthu onse aja mwakhala mukugwira?"

"Timangowalozetsa. Amatsika akupepesa kale. Ena amatiuza okha liwiro limene amathamanga, ife n'kuchotserako pang'ono kuti aone kuti tili ndi chifundo." Anavala nsapato ija n'kuyamba kumanga zingwe. "Zaka zonsezi, alamu, woyamba kufunsa ndinu."

Kumtunda kwa Samalira kunamveka injini ya minibasi ikutsika. Sajeni Gama anatenga makina ake m'manja mwa Yotamu, anatseka kachitseko mosamala kuti kachisa kasagwe, anapukuta kagalasi ndi mpango wa m'thumba, anavala chipewa, n'kuzungulira kuseri kwa mtengo.